Tsiku Limene Ndinayendera Khutu la Esinati

Ndinatuluka pakhomo pathu ku Kawale nthawi itangokwana sikisi koloko m'mawa. Linali Lachisanu, mwezi wa Okutobala, zaka zija matipate atangobwera kumene. Mwana wanga Esinati ankasesa pabwalo. Sanandifunse kumene ndinkapita, inenso sindinamuuze, koma tonse tinkadziwa. Tinali titatha masiku atatu tikulankhulana pomenyetsa zitseko basi.

Nkhani inali khutu lake. Ali Fomu 2, anzake anamubowola makutu ndi singano yanga yomwe, ine ndili kumsika. Lakumanja linapola bwinobwino. Lakumanzere linamera kachotupa kolimba, konyezimira, poyamba ngati mtedza, kenako ngati nthudza, ndipo pofika chaka chimenecho kanali ngati dzira la nkhunda. Sikankapweteka, kankangoyabwa kukatentha. Koma mwanayo ankavala duku ngakhale pokatunga madzi, ndipo chithunzi sankajambulitsa. Tsono chinkhoswe chake chitayandikira, anamva za dokotala wina wa ku Area 25 amene anthu ankangomutchula kuti Wakujoni, poti ankati anaphunzira ku Joni ntchito yokonza nkhope za anthu. Esinati anapita yekha kukamuona, ndipo anamuuza kuti abwere Loweruka m'mawa, adzadula mphindi makumi awiri, chipsera osaoneka.

Ine ndine telala pamsika wa Kawale, za chipatala sindizidziwa. Koma Lachinayi kunabwera kasitomala wanga wina, Mayi Chisale, namwino, kudzatenga yunifolomu yawo. Nditawadandaulira anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"A Nangozo, aliyense wololedwa kuika mpeni pathupi la munthu, dzina lake lili m'buku. Pitani mukaone chipepala chimene wapachika pakhoma, mukakopere dzina ndi nambala, mupite nazo ku ofesi yolembetsa madokotala ku City Centre. Kufunsa salipiritsa."

Ndiye ulendo wake unali umenewo.

Minibasi yoyamba ndinaikwera pasiteji yathu, K2 mpaka kudepoti. Chitseko chake chinkamangidwa ndi lamba wa chikwama, ndipo kondakitala ankachigwira ndi bondo tikamakhota. Tinakhala anayianayi, ine pakati pa bambo wonyamula batire ya galimoto ndi mayi amene anali ndi beseni la usipa pamiyendo. Pofika kudepoti ndinkanunkha ngati ndagulitsa nsomba usiku wonse.

Kudepoti, minibasi ya ku 25 ndinaipeza pafupifupi yodzadza, ndinakondwa. Nditangokhala, amuna atatu amene anali kutsogolo anatsika mmodzimmodzi n'kupita kukakhala m'minibasi ina yopanda anthu. Ntchito yawo inali yomweyo, kukhala ngati okwera. Tinadikira theka la ola injini ikulira, dalaivala akuyendetsa pang'ono n'kubwereranso, kuti tiziona ngati tikunyamuka. Mtengo unali K4.

Tinanyamuka seveni itadutsa, kuwoloka mlatho, kukwera chitunda, kudutsa raundabauti ya ku Area 18. Kutsogolo kunayamba kuoneka nkhokwe zazitali za ku Kanengo zija, ndipo mphepo inabweretsa fungo la fodya wa m'mafakitale. Pambali panga panali bambo wina wachikulire wovala ovolosi, anati ndi kalipentala wa ku 25 komweko. Ndinawafunsa ngati amamudziwa Wakujoni.

"Aaa, ndani samudziwa? Ndi amene anachotsa njerewere pachibwano pa mlamu wanga."

"Zinatheka bwino?"

"Njerewere inachoka, Mayi," anatero, n'kuyang'ana panja kwakanthawi. "Mlamu anakagona kuchipatala chachikulu sabata ziwiri, nkhope yonse itatupa. Koma njerewere inachoka ndithu."

Anthu anaseka m'minibasimo. Ine sindinaseke.

Ananditsitsa pafupi ndi msika n'kundilozera kanjira kodutsa kuseri kwa butchala. Malowo ndinawapeza cha m'ma eyiti koloko: chipinda chimodzi chopaka laimu, chitseko cha buluu, katani woyera pazenera. Kunena zoona, panali posesedwa bwino. Pabenchi panja panakhala amayi atatu. Wina anandiuza kuti akufuna kufufutitsa mphini zimene anamutema kumaso ali mwana kumudzi, poti ku ofesi kumene amagwira ntchito anzake amamuseka. Wina anali mtsikana wamsinkhu wa Esinati, wa chipsera cha moto pakhosi, manja ali pamaondo.

Nthawi yanga itakwana ndinalowa. Wakujoni anali mnyamata ndithu, sanafike zaka makumi anayi, wosalala, wonunkhira, jekete yoyera yositidwa mpaka mizere kuoneka, chopimira pachifuwa chili m'khosi. Anaimirira n'kundipatsa mpando ndi manja awiri.

"Amayi ake a Esinati? Takulandirani, Mama. Musade nkhawa, kanthu kaja n'kakang'ono. Ku Joni tinkadula khumi patsiku."

Anandifotokozera zambiri, theka m'Chichewa theka m'Chingerezi, akujambula khutu papepala. Ankalankhula mofatsa moti mtima wanga unayamba kutsika. Ndinafika poganiza kuti mwina ndikungovutitsa mwana, ndibwerere ndikatsegule shopu. Koma poti ndinali nditalipira kale minibasi ziwiri, ndinati ndifunse ndithu.

"Pepani adokotala, satifiketi yanu ndi imeneyo?"

Inali pakhoma kumbuyo kwake, mufelemu yakuda, pepala lake lachikasu ngati lakhalitsa. Pakona yakumunsi panapachikidwa maluwa apulasitiki, moti chaka sichinkaoneka. Ndinaimirira, ndinatulutsa kabuku kanga kolembamo miyezo ya makasitomala, n'kukopera pansi pa chiuno cha mayi wina: Wilisoni Kadzuwa, ndi nambala yake.

"Mukulemba chiyani, Mama?" Mawu anali omwewo koma ulemu unali utachepako.

"Bambo ake ndi ovuta," ndinatero. "Akuti akufuna aone dzina."

Bambo ake a Esinati anali atamwalira zaka zisanu m'mbuyomo, koma tsiku limenelo anandithandiza.

"Bambowo amagwira kuti?"

"Kuboma."

Sanandiperekeze pakhomo.

Kuchokera ku 25 ndinakwera ya m'tauni n'kutsikira pa 18, K3, kenako ina yolowera ku City Centre, K2. Amene simunafikeko, City Centre ya masiku amenewo sinali ngati tauni. Zinyumba zoyera zazitali, china apa china uko, pakati pake tchire ndi misewu yopanda anthu. Ku Kawale ukasochera umafunsa aliyense, ndipo amakuuza njira pamodzi ndi mbiri ya mwini nyumba. Kumeneko ndinayenda dzuwa lili pamutu, nsapato zanga za kutchalitchi zikundiluma, osapeza womufunsa. Ndinalowa nyumba ina, anati kuno ndi za inshulansi. Ndinalowa ina, mlonda anandifunsa ngati ndabwera kudzafunsira ntchito yosesa. Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi pansi pa mtengo.

"Kolembetsa madokotala? Mwakudutsa kawiri, ndimakuonani. Koma mwachedwa, atuluka kukadya. Khalani apa, abwera hafu wani."

Ndinakhala pa katoni yake. Ndinagula nthochi zitatu ndi zitumbuwa ziwiri, K2 zonse, ndi thobwa la m'botolo kwa mnzake, lozizira bwino poti ankalikulunga m'chiguduli chonyowa. Ndinavula nsapato. Mayiyo anali wa ku Mgona, ankayenda wapansi tsiku lililonse ndi dengu pamutu. Nditamuuza nkhani yanga anagwedeza mutu.

"Ana a masiku ano. Mwamunayo wadandaula za khutulo?"

"Ayi. Akuti sanalione n'komwe mpaka anachita kumuonetsa."

"Nanga?"

"Mwanayo akuti akuopa alamu ake. Pachinkhoswe anthu amayang'ana."

"Amayang'anadi," anavomera. "Ine anandiwerenga mano."

Hafu wani ndinalowa mu ofesi muja mwamantha, chifukwa ndinkaganiza kuti andifunsa kalata kapena andilankhula Chingerezi chothamanga. Ndinapeza bambo wodekha, wa zaka ngati zanga, atavala shati ya manja aafupi ndi tayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako anatsitsa chibuku chachikulu pashelefu n'kuyamba kutsata ndi chala.

"Kadzuwa... Kadzuwa... Wilisoni. Alimo, Mayi. Nambala ndi yomweyi."

Ndinapumira m'mwamba. Ndinayamba kale kumanga chitenje kuti ndizipita, ndikukonza mawu opepesera mwana wanga. Koma bambowo chala anali asanachotse.

"Tadikirani. Mwati mwawaona lero?"

"Lero m'mawa."

"Ku 25?"

"Eya."

"Ndi aakulu bwanji?"

"Mnyamata. Wosalala, wa ndevu zometa bwino."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Mayi, a Kadzuwa awa analowa m'buku muno ine ndili mwana wosavala. Ndi medikolo asisitanti, sanakhalepo dokotala wa opaleshoni, ndipo anapuma kalekale. Ndimawadziwa, timapemphera mpingo umodzi. Amakhala ku Area 23, amayenda ndi ndodo."

Ndinakhalanso pansi osauzidwa. Chimene chinabwera m'mutu mwanga si Esinati ayi, koma mtsikana wa chipsera cha moto uja, mmene anakhalira chete pabenchi, manja ali pamaondo.

Bambowo anatenga pepala n'kulemba zonse zimene ndinaona: butchala, chitseko cha buluu, maluwa apulasitiki. Anati azipereka kwa akuluakulu tsiku lomwelo ndipo atumiza anthu. Kenako anati, "Tsopano pitani mukamuletse mwanayo."

"Abambo, mwana ameneyo simukumudziwa. Ndikangomuuza ine, aziti ndapeka. Kodi a Kadzuwa enieniwo ndingawaone?"

Anaganiza pang'ono, n'kundijambulira njira kuseri kwa envulopu yakale.

Ndinabwerera kudepoti, K2, n'kukwera ya ku 23, K3. Imeneyi inali yatsopanoko, ya wailesi yolira kwambiri, ndipo amuna awiri kumbuyo ankakangana za zipani njira yonse, aliyense akukuwa ngati mnzakeyo ali kutsidya la mtsinje. Zaka ziwiri zokha m'mbuyomo akanangonong'ona. Msewu wa ku 23 umadutsa ku Kawale kwathu, ndiye cha m'ma fili koloko ndinaona siteji yathu, ngakhale denga la shopu yanga yotseka. Ndinatsala pang'ono kugogoda kuti nditsike. Mapazi anali atatupa, ndipo ndinadziuza kuti tsiku lake ndi mawa, nthawi ilipo. Koma ndinakhalabe. Tinadutsa Chilinde, tala anatha, fumbi linayamba kulowa pansi pa mipando.

Nyumba ya a Kadzuwa sinavute kupeza: ya njerwa zootcha, mapapaya anayi kutsogolo, mpanda wa maluwa. Ndinaodira, ndipo anayankha ali pakhonde, pampando wa ndalema, wailesi yaing'ono ili pachifuwa. Anali nkhalamba yaitali, yowonda, tsitsi lonse mbuu. Ndinagwada n'kuwalonjera, ndinanena kwathu ku Ntcheu, iwo anati kwawo ndi ku Dedza, ndipo tinapeza kuti anagwirako ntchito pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi mudzi wathu. Kenako ndinawaonetsa kabuku kanga.

Anawerenga nambala ija mokweza, pamtima, asanamalize n'kuyang'ana komwe. Anatseka wailesi.

"Mwaiona kuti?"

Ndinawauza. Analoza mkati mwa nyumba. Pakhoma la pabalaza panali msomali, ndipo pansi pake malo oyera a makona anayi pamene penti sinathe.

"Ameneyo ndi mwana wa mlongo wake wa malemu mayi a kunyumba kuno. Tinamulera ife. Ndili ndi kachipatala kanga nditapuma kuboma, iye ndi amene ankasesa ndi kuwiritsa zitsulo. Manja ake ndi ochenjera, sindikana, ankaonerera chilichonse. Tsiku lina anachoka, felemu nayo inachoka. Ine ndinkati anaigulitsa chifukwa cha galasi."

"Nanga za ku Joni?"

"Anapitadi. Miyezi isanu ndi itatu. Ankatsuka magalimoto."

Ndinaseka osafuna, iwonso anaseka, koma maso awo anali atanyowa. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndagwira ntchito, Mayi, palibe amene anandilozapo chala. Lero dzina langa likudula anthu kuseri kwa butchala."

Anandifunsa za khutulo mwatsatanetsatane: linayamba liti, n'lolimba bwanji, ngati kwathu alipo wina wa zipsera zotukumuka. Ndinakumbukira kuti malemu bambo ake a Esinati anali nacho pachifuwa.

"Basi ndi chimenecho. Chimenechi si chotupa wamba, n'chipsera chosadziwa polekera. Thupi la mwana wanu likavulala limapola mopitirira. Ndiye wina akangodula n'kusoka, wapanga bala latsopano, lalikulu kuposa la singano lija. Pakatha chaka chimabwerera, mwina khutu lonse. Odziwa amayamba ndi jakisoni wobaya pachipsera pomwepo, mwezi ndi mwezi. Akafuna kudula amadula jakisoniyo ali naye pafupi. Ine ndemwe, ndi satifiketi yangayo, sindikanachikhudza."

Anaitanitsa pepala n'kulemba kalata, ya zilembo zoongoka, yoti Esinati akaonetse kuchipatala chachikulu kwa oona za khungu. Pansi anasaina dzina lija. Anandipatsanso papaya limodzi, akuti mlendo sachoka chimanjamanja, ndipo ndinalinyamula ngati mwana mpaka kusiteji.

Ndinatsika ku Kawale faifi koloko itapitirira, dzuwa litafiira. Ndinkayenda mokoka mwendo koma mtima uli mbee. Nditakhota pa mpopi ndinaona chitseko chathu chili ndi loko. Mayi a Limbani, oyandikana nafe, ankazula zovala pachingwe.

"Esinati? Wachoka masana, cha m'ma leveni. Anatchena ndithu. Anati akupita ku 25, asadikire mawa poti inu muzimuletsa."

Papaya lija sindikudziwa kuti ndinaliika pati. Ndinavula nsapato n'kuzigwira m'manja, n'kuthamanga kubwerera kusiteji, mayi wamkulu ngati ine, chitenje chikumasuka, anthu akundipatsa njira. M'mutu ndinkangowerenga maola: leveni, thwelofu, wani. Mphindi makumi awiri zokha, Wakujoni anatero. Pamene ine ndinkadya zitumbuwa pansi pa mtengo, mwana wanga anali pabenchi paja.

Ndinafika pasiteji ndikupuma ngati ng'ombe. Minibasi yochokera m'tauni inali itangoima, anthu akutsika. Wachitatu kutsika anali Esinati, duku lili kumutu, nkhope ili gwa. Sindinamulonjere. Ndinamugwira mutu ndi manja awiri pamaso pa anthu onse n'kukankha dukulo. Chinali pomwepo, chathunthu, chonyezimira, chopanda bandeji, chopanda ulusi. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati chotupa chimenecho.

"Amayi, mukundichititsa manyazi!" Anabweza duku msangamsanga. "Ndipo mwandiwonongera zonse. Munakawauza chiyani adokotala? Ndafika ndapeza atseka. A pabutchala akuti mayi wina anabwera m'mawa n'kumalemba zinthu m'kabuku, atangochoka iwo anauza odwala onse kuti abwere tsiku lina, ananyamula chikwama ndi felemu ya pakhoma n'kukwera minibasi. Ndadikira maola anayi padzuwa!"

"Onse anawabweza? Ndi mtsikana wa chipsera pakhosi?"

"Onse. Mukusekanso?"

Ndinkasekadi, misozi ikutsika, nsapato zili m'manja. Kondakitala anafunsa ngati kwagwa maliro kapena ukwati.

Kunyumba tinakhala pakhonde kusanade, mapazi anga ali m'beseni la madzi. Ndinamuuza zonse motsatana, kuyambira kalipentala mpaka msomali wa pakhoma, n'kumupatsa kalata. Anaiwerenga kawiri. Anayang'ana dzina la pansi lija nthawi yaitali, poti ndi lomwe ankaliona mufelemu. Sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti apepesa. Anangodzuka, n'kukatenga madzi ena otentha, n'kuthira m'beseni muja, n'kugwada kuyamba kundisisita mapazi.

"Ndiye pachinkhoswe chidzakhalapobe," anatero chapansipansi.

"Chidzakhalapo. Ndi khutu lomwe."

Lolemba tinapita limodzi kuchipatala chachikulu. Jakisoni anamubaya kwa miyezi yambiri, wopweteka moti ankandifinya dzanja mpaka kuchita dzanzi. Chipsera chinafewa n'kuphwa pang'onopang'ono, sichinathe chonse, chinatsala ngati nyemba. Za Wakujoni tinangomva kuti chipinda chija analowamo wometa tsitsi.

Kumene Wakujoni anapita sindikudziwa, ndipo zimenezi zimandivutabe, chifukwa tauni ndi yaikulu ndipo zipinda za laimu n'zambiri. Ine ndinakulira nthawi imene munthu wovala zoyera sunkamufunsa funso, unkangoti zikomo. Tsiku limenelo ndinafunsa limodzi lokha, ndikunjenjemera, mpaka kunamizira malemu. Sindinadziwe kuti nayenso ankanjenjemera.